Yamiko Sanagwade

Loweruka limenelo abale onse anali pabwalo la a Dorothy, ku Nchema, kupuntha nandolo. Selestina ankapeta, mankhusu akumumata m'khosi ndi m'tsitsi. Mwana wake Yamiko, wa Sitandade 3, ankatola nandolo wodumphira kunja kwa mkeka n'kumaponya m'beseni.

A Dorothy anali akulu awo a malemu mayi ake a Selestina. Ndiwo anamulera mayi akewo atamwalira, ndipo ngakhale munda umene ankalima anachita kumudulira ndi iwo omwewo. Amuna awo, a Alufeyo, sankapuntha nawo. Bondo linkawavuta chiyambire nyengo yozizira, choncho anali pampando wandalema pansi pa mtengo wa mapeyala, wailesi ikulira chapansipansi.

"Lolemba ndikupita ku Boma," a Dorothy anatero uku akukung'untha chitenje. "Masiku a mwana wanga Sophie akwana, ali kale kuchipatala, ndiye palibe womudikirira. Sindikudziwa kuti ndikabwerako liti. Poti sukulu n'njotseka, Yamiko azidzagona kuno. Aziwatungira madzi agogo akewa ndi kuwaphikira phala."

"Ndiye kwake kumeneko," anatero mayi wina amene anabwera kudzathandiza. "Mkazi wamkulu akachokapo, wamng'ono ndiye amatenga khitchini."

Onse anaseka, Selestina yemwe. Nthabwala imeneyi anaipeza pobadwa. Agogo aamuna amatchula mdzukulu wamkazi kuti mkazi wawo, agogo aakazi n'kumanamizira nsanje, ndipo mwana amakula akudziwa kuti pakhomo pamenepo amakondedwa.

"Wamva, mkazi wanga?" a Alufeyo anaitana, akusisita bondo labwinolo. "Tabwera udzakhale apa, tikambirane za ndiwo za Lolemba."

Yamiko anaimirira koma sanasunthe. Nandolo anali akadali m'manja mwake.

"Ayi, agogo. Sindikufuna."

"Hii, lero akazi anga akwiya! Kodi ndi chifukwa sindinagule chitenje? Bwera, iwe."

"Ayi. Musandigwirenso. Thupi ndi langa."

Ananena mokweza, ngati mmene ana amayankhira m'kalasi. Ndodo zopunthira zinaima. Wina anayamba kuseka koma analekera panjira.

"Selestina," a Dorothy anaitana osakweza mawu. "Mwana ameneyu ndi wako?"

"Ndi wanga, amayi."

"Mwano umenewu wautenga kuti? Munthu wamkulu, pamaso pa anthu! Ine ndinakulera choncho?"

Selestina anasiya kupeta. Anaika lichero pansi, namugwira mwanayo pamkono mwamphamvu.

"Mawa tikaweruka ku tchalitchi abwere kuno," a Dorothy anapitiriza. "Adzagwade pamaso pa agogo ake, apepese. Jonathan akhalepo, aone mmene mwana wa mlongo wake akukulira."

A Alufeyo anangopukusa mutu, akumwetulira. "Musamukalipire kwambiri. Ndi sukulu za masiku ano izi."

Selestina anamukoka Yamiko njira yonse. Atafika pa mjigo anathyola kamtengo ka lukina n'kukapulula masamba. Pamjigopo panali a Rabia, amene amagulitsa tomato ku Namadzi, akutsuka madengu awo. Anawayang'ana awiriwo, kenako anatunga madzi m'kapu n'kumupatsa mwanayo.

"Imwa, mwanawe." Anadikira mpaka atamaliza, kenako anatembenukira kwa mayi ake n'kunena motsitsa mawu. "Sindikudziwa chimene walakwa, mayi a Yamiko. Koma taonani manja akewo. Akunjenjemera ngati wa malungo."

Selestina anayang'ana. Kapu inkagunda mano a mwanayo. Pamkono pamene anamugwira panali zidindo za zala.

Atafika kunyumba anaika kamtengo kaja pakhonde. Anakhala pansi, namukhazika Yamiko pakati pa miyendo yake, n'kuyamba kumuchotsa mankhusu m'tsitsi. Mumtima anangoti, Ambuye, gwirani pakamwa panga. Anachotsa mankhusu kwa nthawi ndithu asanafunse.

"Mawu aja anakuphunzitsa ndani?"

"Madamu Ruqaiya. Tisanatsekere."

"Anati uzinyoza akuluakulu?"

"Ayi." Yamiko ankayang'ana zala zake za kumiyendo. "Anati kugwira kulipo kwabwino. Monga inu mukamandisambitsa ndikadwala, kapena anesi akamabaya jakisoni inu muli pomwepo, kapena moni wa m'manja. Ndiye anati kulinso kugwira koipa. Anajambula mwana pabolodi, n'kutisonyeza malo amene zovala zam'kati zimabisa. Anati pamenepo palibe wololedwa, ngakhale aphunzitsi, ngakhale abusa, ngakhale wachibale."

"Kenako?"

"Anati munthu akatero, tizinena kuti ayi mokweza, tizichokapo, ndiye tikauze wamkulu amene timamukhulupirira. Akapanda kumva, tikauze wina."

Zala za Selestina zinaima m'tsitsi muja.

"Yamiko. Agogo ako anakugwirapo kotero?"

Mwanayo anaweramitsa mutu. Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake.

"Ndikakhala pamwendo pawo. Ndi tsiku lija munandituma kukasiya madzi kubafa kwawo. Amati ndi masewera a mwamuna ndi mkazi wake. Amati ndikanena, anganga a Dorothy adzachita nsanje, adzatithamangitsa pamunda."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani kuti sindifuna kupita. Munati ndisachite ulesi, ndipite kwa amuna anga." Anatembenuka n'kuyang'ana kamtengo kaja. "Mundimenya tsopano?"

Selestina anatola kamtengoko n'kukaponya kutali, kuseri kwa khola. Anafuna kufunsa zambiri, kuti liti, kuti kangati, koma anaona kuti mwanayo wanena zimene akanatha. Anamutembenuza kuti ayang'anizane.

"Tamvera. Ndakumva, ndipo ndakukhulupirira. Iwe sunalakwe chilichonse. Wolakwa ndi iwowo. Wachita bwino kukana, wachitanso bwino kundiuza. Kumene kuja sukagonako."

Apo m'pamene Yamiko analira, kulira kwenikweni, nkhope ataibisa pachifuwa pa mayi ake.

Dzuwa lisanalowe Selestina anaimbira foni mwamuna wake Denis, amene amalondera pa sitolo ina ku Limbe, koma foni inali yothima. Anaphika, mwana anadya pang'ono. Iye chakudya chinamukanika. Ankangoona mpando wandalema uja, ndi pabwalo podzaza anthu akuluakulu, obatizidwa, onse mano pamtunda. Munthu uja sankachita kubisala. Ankaitana mwana masana, pamaso pawo, iwo n'kumamukankhira okha.

Lamlungu m'tchalitchi a Alufeyo ndiwo anayambitsa nyimbo yoyamba, monga mwa masiku onse, ndi mawu awo okoma aja. Selestina sanaimbe nawo. Pa nthawi ya pemphero anagwada n'kunena mumtima kuti, Atate, ndakwiya, ndipo sindikupempha kuti mundichotsere mkwiyowu lero. Mungondithandiza kuti ndisatukwane.

Ataweruka anapita kwa a Dorothy. Anapeza mipando itaikidwa kale pansi pa mtengo wa mapeyala. A Alufeyo anali akadali m'jekete la ku tchalitchi. Pambali pawo panali a Jonathan, mlongo wake wa Selestina, amene monga atsibweni ndiwo anali mwini wa ana ake pa nkhani za pamtundu. A Dorothy anakhala pamkeka, miyendo atatambasula.

"Tisachedwe," a Jonathan anatero. "Ine ndili ndi msonkhano wa kalabu ya feteleza. Yamiko, bwera apa. Gwada, uwauze agogo kuti pepani, nkhani ithe."

"Achimwene, mwana sanabwere kudzapepesa," Selestina anatero. "Ndabwera naye kuti mumve chimene chinachititsa."

Anamuuza Yamiko kuti akakhale kaye pakhonde la khitchini, poti iye azimuona koma mwanayo asamve. Kenako anafotokoza. Sanawonjezere, sanachotsere.

A Alufeyo anaseka, kuseka kwakufupi. "Ine? Munthu woti bondo ili likundikanika n'kupita kuchimbudzi komwe? Ana a masiku ano akangomva kanthu kusukulu, basi aliyense ndi chigawenga. Kusewera ndi mdzukulu kwasanduka mlandu? Tafunsani aliyense m'mudzi muno ngati sanatchulidwepo mkazi wa agogo ake."

"Ine ndinatchulidwapo, bambo," Selestina anayankha. "Agogo anga a Mavuto ankanditchula mkazi wawo mpaka tsiku limene anatisiya. Ankandisungira nzimbe. Ankandigwira dzanja pondiwolotsa mtsinje madzi akadzaza. Sanandiuzepo kuti ndibise kanthu kwa amayi anga. Nthabwala ndimaidziwa. Izi si nthabwala."

"Tseka pakamwa pako!" A Dorothy anadzuka pamkeka mofulumira kuposa msinkhu wawo. "Ukunena mwamuna wanga? M'nyumba imene unakuliramo? Unabwera muno uli ndi zipere mutu wonse, ndani ankakugulira mankhwala? Si omwewa? Lero ukufuna anthu azitiloza zala pamsika chifukwa cha maloto a kamwana?"

"Zimene munandichitira sindinaiwale, amayi."

"Waiwala! Ndipo munda ukulimawo ukumbukire amene anakupatsa."

Selestina anayang'ana pansi. Munda umenewo ndiwo unkawadyetsa chaka chonse. Malipiro a Denis ankathera lendi ya ku Limbe ndi sopo.

A Jonathan anakweza manja onse awiri. "Taimani, taimani. Amayi, khalani pansi. Achemwali, inunso mtima pansi. Ine sindikuti mwana akunama, sindikutinso bambo alakwa. Ine kunalibe. Koma nkhani ngati iyi ikatuluka pabwalo pano, sibwereranso. Sophie ali kuchipatala, mukufuna amve zimenezi ali m'matenda? Tiyeni tichite chonchi. Mwana agwade, apepese chifukwa cha mawu a dzulo aja basi, poti ananenedwa pagulu. Ulemu wa bambo ubwerere. Ndiye kugona kuno asagone, tinene kuti akudwala. Amayi apeza wina. Aliyense apite kwawo, nkhani yafera pompano."

"Thandie wa kuseri kuno angabwere," a Dorothy anatero, akupukuta m'maso. "Mayi ake sangakane. Ndi mwana waulemu amene uja."

Selestina anawayang'ana. Thandie ankaphunzira kalasi imodzi ndi Yamiko. Anali mwana wamanyazi, woti ukamupatsa moni amayankha akuyang'ana pansi.

"Mwamva zimene ndanena zija, amayi, ndiye mukuti Thandie?"

"Nanga munthu wodwala bondo agone ndi njala?"

"Achemwali, za Thandie tikambirana," a Jonathan anadula. "Timalize kaye izi. Mwana wanu akhala wotetezeka, munda uli pomwepo, mukufunanso chiyani? Kugwada n'kwa kanthawi kochepa. Yamiko! Tabwera kuno, mwana wa mlongo wanga."

Yamiko anabwera pang'onopang'ono. Anayang'ana atsibweni ake, anayang'ana anganga ake, sanayang'ane pampando wandalema. Anali mwana woleredwa bwino. Chiyambire kuyenda ankagwada popereka madzi, polandira kanthu, poitanidwa ndi wamkulu.

"Gwada apo," a Jonathan anatero mofatsa. "Ungoti pepani agogo, ndinalakwa. Basi."

Mawondo a mwanayo anayamba kupindika okha.

Selestina anamugwira m'khwapa asanafike pansi, namuimiritsa.

"Ima. Ima bwinobwino."

"Selestina!"

"Ayi, achimwene. Dzulo ndinamuuza mwanayu kuti sanalakwe. Lero ndimugwaditse kuti anene kuti ndinalakwa? Ndiye mawa wina akadzamugwira, adzauza ndani? Adzati ndikanena amandigwaditsa. Mwana wachita zonse zimene anaphunzitsidwa. Wakana, wachokapo, wauza mayi ake. Ife akuluakulu ndiye tachita chiyani? Tayala mkeka, taika mipando, kuti wolakwiridwa apepese!"

"Ukukweza mawu, anthu akumva," a Dorothy ananong'ona.

"Amve. Dzulo pomuseka sanamve? Inu bambo," anatembenukira kwa a Alufeyo, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wake kuwayang'ana m'maso, "munatenga chinthu chabwino chimene makolo anatisiyira, n'kubisalamo. Munadziwa kuti tiziseka. Munamuopseza mwana ndi munda wa mayi ake. Mulungu amene mwamuimbira m'mawa uja anaona, ine sindiwonjezerapo."

A Alufeyo anawerama n'kuyamba kupotokola wailesi ngati akufuna siteshoni ina.

"Mawa ndikupita naye ku Boma," Selestina anatero. "Kupolisi kuli ofesi yoona za ana, ndipo akamuonanso achipatala. Ndikuchoka pano ndikudzera kwa mayi a Thandie."

"Ukatero, ine si mayi ako," a Dorothy anatero.

Selestina anaima kanthawi. Anamugwira Yamiko dzanja, n'kutuluka pabwalopo.

Mayi a Thandie anamvetsera ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa. Sananene kuti akhulupirira kapena ayi. Anangoitana mwana wawo amene ankasewera fulaye kumsewu, n'kumulowetsa m'nyumba. Madzulo ake Denis anaimba. Atamva anati apempha bwana wake, akakumana ku Boma komweko.

Lolemba m'mawa Selestina anamusambitsa Yamiko, namuveka diresi la ku tchalitchi. Atafika pa siteji anapeza a Dorothy ali kale pomwepo, ndi katundu wa munthu wokadikirira wodwala: beseni, thumba la ufa, mtolo wa nkhuni, mapoto omangidwa m'chitenje. Maso awo anali otupa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

A Dorothy anayang'ana kumsewu.

Minibasi itafika, kondakitala anayamba kukuwa kuti afulumire. A Dorothy analimbana ndi thumba la ufa, likuwakanika. Selestina anagwira mbali inayo, ananyamulira limodzi mpaka kumbuyo kwa galimoto. Panalibe zikomo. M'katimo malo anali ochepa, moti anakhala mpando umodzi, Yamiko ali pamiyendo ya mayi ake, mapewa a akuluakulu awiriwo akugundana pa bampu iliyonse.

Anayenda mtunda wautali. Kenako a Dorothy anamasula kansalu, natulutsa mbatata yootcha. Anaibanthula pakati, n'kuika chibanthu chimodzi m'manja mwa Yamiko osamuyang'ana.

"Zikomo, anganga."

"Idya."

Mwanayo anadya. A Dorothy anagwirizira chibanthu chinacho, osachiluma.

"Jonathan ndiye aziwapititsira chakudya bambo ako," anatero patapita nthawi, akuyang'ana pawindo. "Ndamuuza kuti apite yekha. Asatume mwana, ngakhale wake."

Selestina anadikira ngati pabwera mawu ena, koma sanabwere.

Pa Boma anatsika onse. Selestina anathandizanso kutsitsa katundu, nawasenzetsa beseni pamutu. A Dorothy anaima ndi katundu wawoyo, khosi litauma.

"Ukupitabe?"

"Ndikupita, amayi."

"Ndi munthu wokalamba, Selestina. Akamutenga, akafera komweko. Ndakhala naye moyo wanga wonse."

"Ndikudziwa. Ndakupemphererani m'mawa uno, inu ndi Sophie yemwe. Koma ndikupita."

A Dorothy anamuyang'ana, kenako anayang'ana mwanayo kwa nthawi yaitali. Anatembenuka n'kulowera njira ya kuchipatala, nkhuni zikugwedezeka pamwamba pa beseni.

Denis anali asanafike. Selestina anaganiza zomudikira pa siteji, koma anaona kuti akakhala pansi angabwerere m'mbuyo. Anapukuta nyenyeswa za mbatata pakamwa pa Yamiko ndi nsonga ya chitenje, nayamba kuyenda.

Atayandikira chipata cha polisi, mwanayo anachepetsa liwiro.

"Amayi, kumeneko kuli akuluakulu?"

"Alipo. Ntchito yawo ndi kumvetsera ana."

"Ndikagwade?"

"Ayi. Akakupatsa mpando. Ukanene zimene unandiuza zija, mmene ungathere. Ukatopa ukanene kuti ndatopa. Ine ndikhala pambali pako."

Yamiko anaganiza pang'ono, kenako anagwira dzanja la mayi ake, ndipo analowa.